Kodi Chilonda Chingakakamizidwe Kupola?

Lero ndi Lamulungu lachiwiri la Pasaka, ndipo Mthenga Wabwino umene timve pa Misa ndi uja wa Tomasi, wolembedwa ndi Yohane Woyera m'mutu 20. Chaka ndi chaka timalalikidwa za kukayika kwa Tomasi. Chaka chino ine maganizo anga akodwa pena: Ambuye atauka kwa akufa adali nawobe mabala. Imfa adaigonjetsa, mwala udagubuduzika, koma m'manja ndi m'nthiti zizindikiro zidatsala, moti munthu akadatha kupisamo chala. Chandiganizitsa zimenezi ndi funso limene mayi wina adandifunsa m'nyengo ya Lenti, ine n'kuwayankha molakwa. Ndalemba kuti ndikonze yankho langalo.

Mayiwa ndi amasiye. Andilola kufotokoza nkhani yawo, koma ndasintha zina ndi zina kuti musayambe kuyang'anizana m'tchalitchi muno. Amuna awo atamwalira zaka ziwiri zapitazo, misozi isanaume n'komwe, alamu awo adabwera kudzatenga ngolo, ng'ombe ziwiri, ndi malata amene banjalo lidasunga kuti lidzafolere nyumba. Onsewa ndi Akatolika, a mphakati umodzi. Nkhani idafika kwa akuluakulu a mphakati. Adakhalirana pansi, alamuwo adati "pepani", mayiwo adati "ndakhululuka", adagwirana chanza, anthu adawomba m'manja, nyimbo idayimbidwa. Koma ngolo sidabwerere. Chaka chatha mayiwa mbatatesi zawo ankazisenza pamutu kupita nazo kumsewu, ngolo ya amuna awo ikuwapitirira itanyamula za eni ake atsopano.

Kuyambira pamenepo adasiya kulandira Ukaristia. Tsiku lina titaweruka maphunziro a akatekumeni adandidikira pakhonde. "Aphunzitsi," adatero, "pakamwa ndidakhululuka, ndipo choipa sindiwafunira anthu aja. Koma ndikangoona ngolo ija mtima umawawa ngati zachitika dzulo. Ndiye kuti ndidanama pamaso pa Mulungu? Nanga kuguwa ndingapite bwanji?" Ine, ndi sukulu yanga yonseyi, ndidati: "Amayi, zija zidatha, ingoiwalani. Papita nthawi." Adandiyang'ana, nati "Zikomo aphunzitsi," n'kumapita. Lamulungu lotsatira sadalandirenso.

Funso langa lero ndi ili: kodi Mkhristu amene wakhululuka koma mtima ukumuwawabe walephera chikhristu? Nanga ife omuzungulira tili ndi mphamvu yomuikira tsiku lopolera?

Chipsera cha pamsongolo

Amene adandikumbutsa kuti ndayankha molakwa si buku ayi, koma chipsera chimene ndili nacho pamsongolo wakumanzere. Ndili Fomu 3, pa tchuthi, ndinkadula mitengo yochirikizira matimati kudimba. Chikwanje chidaterereka n'kunditema. Bala silidali lalikulu kwambiri, kutalika ngati chala. Vuto lidali loti Loweruka lake tidali ndi mpira, ndipo ine ndinkafuna kusewera zivute zitani. Sindidalitsuke. Ndidathirapo ufa wa kapisozi imene mnzanga adandipatsa, n'kumanga zolimba ndi kansanza. Patatha masiku atatu nkhanambo idagwira bwinobwino, ine n'kumanyadira kuti ndapola msanga. Mpira ndidasewera.

Sabata isanathe mwendo udatupa, kutentha ngati mbaula, mwanabere n'kutuluka, thupi lonse kuzizidwa. Adandikweza panjinga kupita kuchipatala chaching'ono cha kwathu. Anamwino adachotsa nkhanambo ija yonse, kufinya mafinya, kutsuka ndi madzi amchere, ine ndikukuwa ngati mwana. Ndidawapempha kuti angondisoka zithe. Adakana. Adati bala lauve sasoka, chifukwa ukatseka pamwamba zoipa zimatsekeredwa m'kati. Liyenera kudzaza lokha kuchokera pansi kubwera pamwamba. Adandibaya jakisoni wa kafumbata, ndipo ndinkapita kukatsukitsa masiku awiri aliwonse. Bala limene likadapola m'masabata awiri lidandigoneka masabata asanu ndi limodzi. Akuluakulu adanena kale kuti kuthamanga si kufika, koma ine ndidachita kuphunzira ndi mwendo.

Mmene thupi limapolera

Nditapita kusukulu ya ukachenjede ndidawerenga za zimene zimachitika munthu akadzicheka, ndipo ndidaona kuti anamwino aja adandiphunzitsa zonse m'mawu ochepa. Thupi lili ndi dongosolo lake, ndipo silidumpha sitepe.

Poyamba, m'mphindi zochepa chabe, mitsempha imafinyika ndipo magazi amaundana kuti asiye kutuluka. Kenaka kwa masiku atatu kapena asanu pabalapo pamafiira, pamatupa pang'ono, pamatentha ndi kuwawa. Ambiri timaganiza kuti apa zinthu zikuipa, koma ayi: asilikali a m'thupi afika kudzapha tizilombo ndi kuchotsa mnofu wakufa. Kuwawa kumeneku ndi mbali ya ntchito. Pambuyo pake, mpaka cha m'sabata yachitatu, thupi limamanga: timitsempha tatsopano timamera, mnofu wofiira umadzaza dzenje, khungu limayenda kuchokera m'mphepete kukakumana pakati. N'chifukwa chake kabala kakang'ono kotsukidwa bwino kamatseka m'sabata imodzi kapena ziwiri. Ulusi wosokera bala la kumaso amauchotsa pakatha masiku asanu kapena kuposerapo pang'ono, pomwe wa pamwendo umatha kukhala mpaka masabata awiri.

Koma pali gawo lomaliza limene maso saliona. Khungu likatseka, m'kati thupi limapitiriza kuluka ndi kulimbitsa chipseracho kwa miyezi, mwina chaka chathunthu kapena kupitirira. Ndipo ngakhale litamaliza, chipsera sichifika pa kulimba kwa khungu lakale. Chimalekeza pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse. Munthu amatha kunena kuti "ndapola" pa sabata yachiwiri, ndipo sakunama, koma thupi lake likadali pa ntchito chaka chonse.

Nanga tingafulumizitse?

Yankho loona ndi lakuti palibe mankhwala okankhira thupi kuti lidumphe sitepe. Chimene tingathe n'kuchotsa zolichedwetsa. Poti ino ndi nyengo ya zikwanje, zikwakwa ndi makasu, ndilembe zinthu zake mwachindunji.

Mukatemeka, panikizani pabala ndi nsalu yoyera kwa mphindi khumi osasuzumira. Magazi akaleka, tsukani ndi madzi aukhondo ambiri, owiritsa n'kuzizira ngati alipo, mpaka dothi lonse lichoke. Phimbani ndi bandeji kapena nsalu yochapa bwino, ndipo muzisintha tsiku ndi tsiku. Ambirife tidakula tikumva kuti chilonda chimafuna mphepo kuti chiume. Koma mu 1962 katswiri wina wa ku Britain, George Winter, adayesa pa nkhumba n'kupeza kuti bala lophimbidwa, losaumitsidwa, limamera khungu pafupifupi kawiri kufulumira kwake kuposa lija losiyidwa kuti ligwire nkhanambo. Nkhanambo si umboni wa kupola.

Musathire dothi, ndowe, phulusa, mankhwala otsukira mano, kapena zakuda za m'batire. Tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe za ziweto momwemo, ndipo matendawa amatha kuonekera pakati pa masiku 3 ndi 21, bala litaiwalika kale: nsagwada kuuma, khosi kulimba, thupi kukokeka. Katemera wake alipo m'zipatala zathu. Za uchi ndi shuga zimene ena amanena zili ndi choona chake. Madokotala a pachipatala cha Beit CURE ku Blantyre adafalitsa mu 2007 kafukufuku woyerekeza ziwirizi pomanga zilonda, ndipo uchi udachitako bwino kuposa shuga. Koma iwo ankaika pa zilonda zotsukidwa kale, akuziyang'anira. Uchi pamwamba pa dothi ndi dothi ndithu.

Bala likakhala lakuya, loyasama, la kumaso kapena pamfundo, kapena magazi osaleka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa kusoka kumayenda bwino m'maola oyambirira. Galu akakulumani tsukani ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, n'kuthamangira katemera wa chiwewe osadikira kuti muone ngati galuyo apenge. Kufiira kukamafalikira, mafinya, fungo, mwanabere kapena kutentha thupi, musati tiona mawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Thupi limamanga ndi zimene mwadya: nyemba, nsawawa, soya, mazira, usipa, pamodzi ndi masamba, magwafa, malalanje ndi malambe. Fodya amachepetsa magazi ofika pabala, kachasu naye amachedwetsa. Ndipo chilonda chimene chatha mwezi osasintha, makamaka cha kuphazi kwa munthu wamkulu, chikaonedwe kuchipatala chachikulu ku Ntcheu boma, akayezenso shuga ndi magazi. Nthawi zambiri pamene ife tikufunafuna amene watilodza, vuto limakhala matenda a shuga.

Taonani mndandanda wonsewu: tsukani, phimbani, dyetsani, tetezani, onetsani kwa odziwa. Palibe pamene palembedwa kuti "lamulani chilonda chipole". Dokotala wina wa asilikali ku France m'zaka za m'ma 1500, Ambroise Paré, adapeza zimenezi mwangozi. Nthawi imeneyo mabala a mfuti ankawathira mafuta owira. Tsiku lina mafuta adamuthera, iye n'kungopaka zofewetsa, ndipo m'mawa mwake adapeza kuti amene sadawotchedwe ndiwo adagona bwino. Kuyambira pamenepo ankaphunzitsa kuti mbali yake ndi kumanga bala, kuchiritsa n'kwa Mulungu.

Bala la mumtima

Tsopano tibwerere pakhonde paja. Sindikunena kuti mtima ndi mnofu. Koma si mwangozi kuti m'chilankhulo chathu timati "wandipweteka mtima", "watokosa chilonda", "mtima wapola". Ndipo zimene ndidachita kwa mayi aja n'zomwe ndidachita pamwendo wanga: ndidafuna nkhanambo pofika Loweruka.

Taganizirani msonkhano wa mphakati uja. Udachita zabwino zambiri. Anthu amene sankalankhulana adakhala pamkeka umodzi. Koma palibe amene adatchula dzina la chimene chidachitika, kuti kudali kulanda katundu wa amasiye. Palibe amene adafunsa kuti ngolo ibwerera liti. Tidasoka bala dothi lili m'kati, n'kuyimba nyimbo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mneneri Yeremiya, m'mutu 6, amadzudzula aneneri ndi ansembe a nthawi yake pa mlandu womwewu, woti ankapoletsa bala la anthu pamwamba pokha, kulengeza mtendere pamene mtendere padalibe. Mawu amenewo sakunena achikunja. Akunena ife ogwira ntchito za Mulungu.

Ndaona kuti timasokoneza zinthu zitatu zosiyana, n'kuzitcha zonse "kukhululuka". Choyamba ndi chisankho: kuleka kufunira mnzako choipa, kutaya maganizo obwezera, kumupereka m'manja mwa Mulungu. Ichi Ambuye amatilamula, ndipo sichidikira kuti wolakwayo apepese. Chachiwiri ndi kuzilala kwa ululu mumtima. Ichi sichilamulidwa, monga momwe simungalamulire khungu kuti limere. Chachitatu ndi kuyanjananso, kubwezeretsa chikhulupiriro pakati pa anthu awiri. Ichi chimafuna awiri, ndipo chimafuna choona ndi kukonza zolakwika.

Si maganizo anga ndekha. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 2843, pofotokoza pemphero la Atate Athu, amavomereza kuti kusamva kuwawa kapena kuiwala cholakwa sikuli m'mphamvu zathu. Chimene tingathe n'kupereka mtimawo kwa Mzimu Woyera, amene amasandutsa kupwetekako kukhala chifundo ndi kupempherera wolakwayo. Ndipo pa nambala 1459 amaphunzitsa kuti ngakhale tchimo lakhululukidwa mu Sakramenti la Kulapa, wolakwa ayenerabe kukonza zimene adaononga: kubweza zakuba, kuyeretsa mbiri ya amene adamunamizira, kulipira amene adamuvulaza. Zakeyu, mu Luka 19, sadangoti pepani; adalonjeza kubweza kanayi. Nalo lamulo la dziko lathu la chuma cha masiye, la 2011, limati kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu. Choncho pamsonkhano paja amene adatsala ndi ngongole pamaso pa Mulungu si mayi amene mtima ukuwawa, koma amene akuyendetsabe ngolo.

Chitsanzo cha Papa

Pali munthu amene moyo wake umaonetsa zitatu zija padera padera, ndipo achikulire ambiri a parishi ino adamuona ndi maso atabwera ku Malawi mu Meyi 1989. Pa 13 Meyi 1981, Papa Yohane Paulo Wachiwiri adawomberedwa pabwalo la Petulo Woyera ku Roma ndi Mehmet Ali Ağca. Patangotha masiku anayi, ali gone m'chipatala, adalengeza kuti wamukhululukira. Chisankho chidatenga masiku anayi.

Thupi lake silidamvere liwiro limenelo. Adatuluka m'chipatala kumayambiriro kwa Juni, koma mwezi womwewo adabwereranso atadwala, ndipo adakatuluka mu Ogasiti. Kukaonana maso ndi maso ndi womuwomberayo kudachitika pa 27 Disembala 1983, m'ndende ya Rebibbia, patatha zaka ziwiri ndi theka. Ndipo atacheza naye, Papa adatuluka, Ağca n'kutsala m'ndende. Dziko la Italy lidamukhululukira mu 2000, patatha zaka 19. Palibe amene anganene kuti Papa sadakhululuke chifukwa choti chilungamo chidapitirira. Munthu yemweyu ndiye adakhazikitsa, m'chaka cha 2000 chomwecho, kuti Lamulungu la lero likhale la Chifundo cha Mulungu. Amene adadziwa chifundo kwambiri sadachisokoneze ndi kuphimba zinthu.

Koma ena anditsutsa

Ndikudziwa zimene ena akuganiza, chifukwa nanenso ndidadzifunsa. Kodi Paulo Woyera sauza Aefeso kuti mkwiyo usagone mpaka dzuwa kulowa? Kodi Ambuye, mu Mateyu 5, satiuza kusiya mphatso paguwa n'kuyamba takayanjana ndi m'bale? Tikayamba kuphunzitsa kuti kupola kuli ndi nthawi yake, kodi sitipatsa anthu chifukwa chosungira mangawa zaka makumi awiri?

Nkhawa imeneyi ndi yoona, ndipo sindiichepetsa. Koma onani chimene chikufulumizidwa m'malembawa. Pa bala la thupi palinso zinthu zosadikira: kuletsa magazi, kutsuka, kuthamangira kuchipatala. Zimenezo n'za lero. Chimodzimodzi kuletsa dzanja lobwezera n'kwa lero. Kunena choona n'kwa lero. Ndipo pa Mateyu 5 paja werengani bwino: amene akuuzidwa kunyamuka paguwa ndi amene wakumbukira kuti m'bale wake ali naye chifukwa. Wotumidwa msanga ndi wolakwayo. Ife tidatembenuza: wolakwa timamupatsa nthawi yonse, wolakwiridwa ndiye timamuthamangitsa.

Tidzifunse moona: timamuthamangitsiranji? Nthawi zambiri si chifukwa chomukonda. N'chifukwa choti ululu wake ukutisowetsa mtendere ife. Tikufuna maliro ndi maukwati a m'mudzi aziyenda popanda kuyang'anana m'mbali. Tikuopa kukhumudwitsa munthu amene amapereka bwino chamtulo. Ine pakhonde paja ndidali ndi njala, ndipo sindinkafuna kulowa nkhani ya mabanja a eni. "Ingoiwalani" adali mawu ondipulumutsa ine, osati iwo. Msamariya wachifundo wa mu Luka 10 sadachite choncho. Adatsuka mabala ndi vinyo ndi mafuta, adamanga, adanyamula, adalipira, n'kulonjeza kuti adzabweranso. Sadamuuze wovulalayo tsiku lodzukira.

Mbali inayo

Komabe ndikadanama ndikadalekera pomwepa, chifukwa palinso njira ina yochedwetsera chilonda, ndipo imeneyi ndi ya mwini wake. Mwana akamatokosa bala ndi kutong'ola khungu limene likumera, silipola. Alipo pakati pathu amene nkhani ya malire a munda ya nthawi ya agogo awo amaifotokoza pamjigo paliponse, pamaliro aliwonse, n'kuisiyira ana ngati chuma. Alipo amene wolakwa adabwera, adapepesa, adabweza, koma iwo safuna kuti zithe chifukwa kulakwiridwa kudasanduka udindo wawo m'mudzi.

Tingasiyanitse bwanji bala lopola pang'onopang'ono ndi bala lovunda? Anamwino sayang'ana kalendala yokha. Amayang'ana kumene zikulowera. Lopola limachepa, ngakhale pang'ono, ndipo kufiira kumabwerera. Lovunda limafalikira. Mumtima n'chimodzimodzi. Ngati lero mungathe kutchula dzina la munthuyo m'pemphero, pomwe chaka chatha simukadatha, mukupola, ngakhale misozi ikutulukabe. Koma ngati chidani chafika kwa ana ake amene sadalakwe, ngati mumakondwa mukamva kuti ng'ombe yake yafa, ngati mwayamba kufunsira za kwa asing'anga, pamenepo mafinya alowa m'magazi. Musabise, mbewa ya manyazi idafera kuuna. Pitani kwa Bambo Mfumu, pitani ku Sakramenti la Kulapa. Kuwawa si tchimo. Kuweta chidani ndiye tchimo.

Mawu apadera kwa ankhoswe

Pali mtundu wina wa bala umene sindingaulambalale: limene likutemedwabe. Palibe namwino amene angamange mwendo chikwanje chikadali pomwepo. Mayi kapena bambo amene akumenyedwa m'banja akabwera kwa ankhoswe, ife n'kungomuuza kuti banja n'kupirira, khululuka ubwerere, tamubwezera pansi pa chikwanje. Mpingo suphunzitsa zimenezo. Malamulo a Mpingo, pa nambala 1153, amalola munthu kupatukana ndi mnzake ngati pali choopsa chachikulu pa thupi kapena pa mzimu wake kapena wa ana, ukwati uli chikhalire. Papa Fransisko, m'kalata yake ya za banja ya 2016, adanenanso kuti nthawi zina kupatukana kotere kumakhala kofunika pofuna kuteteza wofooka. Dziko lathu lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support yothandiza ozunzidwa. Kuperekeza munthu kumeneko si kuphwanya banja la eni. Munthu angathe kukhululuka ali kwa makolo ake, ali moyo.

Kubwerera kwa amayi aja

Sabata yachinayi ya Lenti ndidapita kwawo. Ndidawapeza akusenda nyemba. Ndidati: "Amayi, ndabwera kudzapepesa. Tsiku lija ndidakuyankhani mothamanga." Adaseka, nati: "Mwana wanga, ndidadziwa kuti mudali ndi njala." Tidacheza nthawi yaitali. Ndidawafunsa ngati amawafunira choipa alamu awo; adati ayi, ndipo mwana wa alamuwo atadwala iwo ndiwo adakagonera kuchipatala. Ndidawauza zimene ndalemba muno, kuti kukhululuka adakhululuka kale, ndipo chimene chikuwawacho si bodza pamaso pa Mulungu koma bala limene ife tidalisoka lisanatsukidwe. Ndidawapempha akaonane ndi Bambo Mfumu, ndipo adapita. Lachinayi Loyera ndidawaona pamzere wa Ukaristia.

Ngolo sinabwerebe. Nkhaniyi yabwerera kwa akuluakulu, ndipo ulendo uno funso la katundu lili patsogolo. Sindikudziwa kuti itha bwanji. Ndikudziwa kuti ikhala yowawa, monga momwe kudaliri kuchotsa nkhanambo pamwendo wanga, ndipo ena atiyesa oyambitsa zakale. Kwa alamu aja, ngati mukuwerenga: simukunyozedwa. Inunso muli ndi bala, ndipo mankhwala ake ali m'khola mwanu. Khomo la Zakeyu likadali lotsekula.

Pomaliza

Tomasi atafuna umboni, Ambuye sadamuonetse khungu losalala. Adamuonetsa mabala, ndipo ndi mabalawo amene adamugwaditsa. Ngati thupi laulemerero la Mwana wa Mulungu lidasunga zipsera, ife tisachite manyazi ndi zathu, ndipo tisakakamize anzathu kubisa zawo. Chipsera changa cha pamsongolo sichiwawanso, koma chikadalipo, ndipo ndikagwira chikwanje ndimaponda mosiyana ndi kale.

Sabata ino m'miphakati mwathu tikambirane mafunso atatu awa. Kodi pali nkhani imene tidaitseka ndi nyimbo katundu asanabwezedwe kapena choona chisananenedwe? Kodi pali wina amene adasiya kulandira Ukaristia, ife osamufunsa chifukwa? Nanga ine ndekha, kodi pali munthu amene akudikira kuti ndinyamuke paguwa ndipite kwa iye?

Ndipo amene mwatemeka kumunda, tsukani bala musanamange.

Ambuye wouka kwa akufa akupatseni mtendere wake.

Katekisiti wanu